Chitseko cha a Yohana

Rafaelo anatuluka m'ndende atanyamula sowo ndi hamala basi. Kwawo ku Kasina kunalibe womupatsa moni, poti onse ankadziwa zimene anachita. Anathyola chitseko cha a Yohana, nkhalamba imene inamulera makolo ake atamwalira, n'kuba mbewu yonse ya mbatatesi.

Amene sanamutaye ndi Mayi Chisangalalo, a ku ofesi ya boma yothandiza anthu otuluka m'ndende kuti asabwererekonso. Anamupezera pokhala ku Chimbiya, kuseri kwa ogulitsa ndiwo, kuti ayambe ukalipentala umene anaphunzira m'ndendemo.

Poyamba zinali zowawa. Anthu ankabisa matumba awo akamuona. Koma anayamba ndi timipando, kenako mabenchi a tchalitchi, mpaka analemba ntchito anzake awiri ochokera kundende.

Mayiwo akabwera kudzamuyendera, nkhani inali imodzimodzi: apite akapepese kwa a Yohana, iwo amuperekeza. Rafaelo manyazi bwii! Ankati sangapite chimanjamanja, akhome kaye chitseko chabwino cha mlombwa. Atachikhoma anati chiume. Chitauma anati mvula ithe kaye. Abale inu, chitseko chimodzi zaka zitatu! Zengerezu analinda kwaukwau.

Tsiku limene analimba mtima, anachimanga panjinga n'kukwera nacho mapiri. Atafika anapeza masamba ali pamsewu. A Yohana anali atamwalira dzulo lake.

Panyumbapo panali chitseko chomwe chija, chong'aluka pakati, chomangidwa ndi waya.

Magadalena, mwana wa malemuwo, anamuyandikira maso ali ofiira.

"Achimwene, kangapo konse tinafuna kuika china, bambo ankakana. Ankati, 'Chisiyeni, Rafaelo abwera adzakonze yekha.'"

Rafaelo analira ngati mwana. Maliro ataikidwa anachotsa chakalecho n'kuika chatsopano, koma munthu woti amuuze kuti pepani panalibe.

Lero Rafaelo ndi kalipentala wodziwika, ndipo ofesi ija imamutumizira ena otuluka kumene. Chitseko chong'alukacho anachiimika pakhomo pa shedi yake. Aliyense wobwera, asanagwire sowo, amayamba wamva nkhani yake.

Inu amene munagwa, osataya mtima, kudzuka n'kotheka. Koma ngati pali munthu amene munamulakwira, musadikire kuti mupeze kaye bwino. Pitani lero, ngakhale chimanjamanja, akadali ndi makutu okumverani.