Tsiku limene ndinakhuthula wonga wonse

Ndinakhala zaka ziwiri ku Ilford, kutsidya kwa nyanja, ndekha, mkazi wanga ali ku Zomba kudikira viza imene anali atakanizidwa kale kamodzi. Mkati mwa sabata ndinkagwira ntchito m'labotale, koma Loweruka linkandikulira.

Kutchalitchi kwathu kunali bambo wina wachikulire, wobadwira pafamu ku Zimbabwe, makolo ake ochokera ku Dedza. Ali mnyamata anali msilikali wokonza mfuti. Atamva kuti ntchito yanga ndi yoyeza tinthu pasikelo, ananditengera kukilabu yawo yowombera chandamale. Mfuti zazifupi zam'manja zinali zoletsedwa, choncho tinkawombera zokhala ndi mpope wautali. Nditatha miyezi yoyesedwa, apolisi atabweranso kudzaona kabati yachitsulo yosungiramo mfuti kunyumba, ndinalandira layisensi. Pamenepo anayamba kundiphunzitsa kudzaza zipolopolo m'shedi yawo ku Wembley.

Chigoba cha chipolopolo chowomberedwa sichitayidwa. Umachitsuka, n'kuika kabatani katsopano koyatsira moto, n'kuthira wonga, kenako mutu. Povuta ndi pa wongapo. Bambowo anali ndi buku la opanga wonga, losonyeza muyeso woyambira ndi wosayenera kudumpha. Ine ndinkafuna kuyambira pakati.

"Mukuthamangira kuti, achimwene?" anandifunsa. "Bukuli silinaione mfuti yanu. Yambirani pansi."

Tinkadzaza zipolopolo zisanu, n'kulemba pabokosi, n'kuwonjezera wonga pang'ono kwambiri pa zisanu zina. Kukilabu, ndikawombera, ankatola chigoba chilichonse, kuchitembenuza, kuyang'ana kabatani kaja ndi magalasi ali pamphuno. Tsiku lina zigoba zinalimba potuluka m'mfuti, chizindikiro chakuti wonga wachuluka.

"Basi, imani pomwepa. Zotsalazo tikaphwasula. Tibwerere m'mbuyo."

Muyeso umene unagunda bwino chandamale unali wocheperapo kuposa umene ndinkaulakalaka.

Loweruka lina m'mawa anandilola kudzaza ndekha koyamba, iwo akuthirira tomato panja. Zigoba makumi atatu zinali zitaima pathabwa la mabowo, ndipo ndinali nditadutsa theka pothira wonga pamene foni inalira. Lamulo lawo linali lakuti foni izitsala m'nyumba, koma ine ndinaiiwala m'thumba. Anali mkazi wanga. Ankalira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Yatuluka! Abambo, viza yatuluka!"

Sindikumbuka zimene ndinayankha. Ndinangopezeka ndili panja, ndikuwagwira chanza bambo aja manja awo ali matope okhaokha. Tinapemphera pomwepo, paipi ikutayabe madzi.

Nditabwerera m'shedi ndinaima njo. Chigoba chomaliza ndinathira ndi chiti? Wonga uja ndi wochepa zedi, moti ungalowe kawiri m'chigoba chimodzi osasefukira, ndipo chipolopolo chotere chimang'amba mfuti m'manja. Ndinaunika ndi tochi. Zonse zinkaoneka ngati zofanana, koma maso anga sindinawakhulupirire. Mtima wina unkati ndingopitiriza, palibe waona.

Ndinatuluka n'kuwauza.

"Ndiye mwaganiza zotani?" anafunsa, osakweza mawu.

"Ndikhuthula zonse."

"Khuthulani. Koma lero musadzazenso. Munthu wokondwa ndi woledzera, pasikelo n'chimodzimodzi."

Ndinakhuthulira chigoba chilichonse pasikelo, chifukwa ndinkafuna kudziwa. Panalibe chothiridwa kawiri. Ndinachita manyazi pang'ono, ngati ndavutika pachabe, koma iwo anangoti tikhome shedi tikauze amayi, akazi awo, za viza ija. Amayiwo anaimba nthungululu m'khitchini mpaka mzungu woyandikana nawo anasuzumira pampanda.

Mkazi wanga anafika masamba atayamba kuyoyoka. Atamva za shedi ija anakwinya nkhope, nati sanakwere ndege kudzakhala ndi mlenje. Patapita miyezi anavomera kukaona. Anakhala pampando wa pakhomo, jekete atamanga mpaka m'khosi, n'kumaonerera ndikuyeza. Nditamaliza mzere wonse, anandiyang'ana.

"Kunyumba mchere mumangothira ndi dzanja," anatero. "Kani sikelo mumaidziwa?"

Bambo aja anaseka mpaka kutsokomola, kenako anamupatsa cholembera kuti atilembere pamabokosi, popeza zolemba zanga ankalephera kuziwerenga.