Abusa Amene Adatsitsimutsa Malita

Ndikukumbukira Loweruka limene mbuzi yathu, Malita, idadya makoko a chinangwa chowawa kwathu ku Lungwena. Idagwa kuseri kwa khitchini, mimba itatupa ngati ng'oma, thovu lili kukamwa. Mayi adali kumunda. Mbuzi tidali nayo imodzi yomweyo, ndipo sindibisa, ndinkaikonda kuposa azichimwene anga.

Che Bwanali, msodzi wachisilamu woyandikana nafe, adatulukira akunola mpeni. "Mwanangu, ikafa yokha ndi haramu, mudya nokha Akhristu. Bwera nayo ndiichinje isanatsirizike."

Ine ayi! Pabwalo la mpira padali msonkhano wa Abusa Kamtedza, mlaliki wa chitsitsimutso, amene ankati adaphunzira zaumulungu mpaka Chigiriki. Nzeru za mwana wa Sitandade 3 zidagwira ntchito: abusa amaweta mbuzi, kutsitsimutsa ndi kudzutsa wokomoka. Nanga china n'chiyani? Ndidakweza Malita pa wilibala, liwiro mumchenga wotentha, Che Bwanali ali pambuyo ndi mpeni wawo.

Ndidafika abusa, thukuta lili kamukamu, akulalikira kuti tsiku lomaliza nkhosa zidzapita kumanja, mbuzi kumoto. Wilibala idalira kwiii mpaka kutsogolo. Amayi a kwaya ataona mpeni adabalalika, wina kusiya nsapato.

Abusa adaika maiki pansi n'kupinda manja a malaya. "Ndidaweta mbuzi ku Ntcheu ndisanawete anthu. Sinjani makala! Mafuta ophikira ali kuti?" Zitabwera, adaikanula kukamwa n'kuimwetsa, akuisisita pamimba. Malita idageya fungo loti mzere wakutsogolo udagwira mphuno, kenaka idadzambatuka n'kuyamba kutafuna taye wa abusa.

Bwalo lonse lidaphulika: "Chozizwitsa!" Che Bwanali adabweza mpeni m'thumba. "Alhamdulillah," adatero, "koma ndiwo zapita."

Abusawo adadzalemba mabuku ochindikala ndi kuphunzitsa abusa ambirimbiri, koma akabwera kwathu ulaliki ankauyamba ndi kudandaula: "Abale, adali makala!" Palibe adawamvera. Masiku ano aneneri a pa wailesi amalengeza zozizwitsa asanazichite n'komwe, pamene Abusa Kamtedza adakalamba akukana chimodzi chomwe tidawapatsa.

Atamwalira chaka chatha ndidalira kwambiri. Kumaliro ndidapita ndi chipepeso cha mbuzi, chidzukulu cha Malita. Ophika atamva mbiri yake adakana kuizinga, ati mbuzi za abusa zimadzuka. Ilipobe, ikudya maluwa pamanda pawo.