Khadi Langa la TB Anachonga Ndi Ophika Kachasu

Chifuwa chinandiyamba tikukumba mtedza kwathu kwa Kanduku. Ndinkati ndi fumbi chabe. Patatha milungu itatu ndinayamba kutuluka thukuta pogona, chitenje chikumasuka chokha m'chiuno, ndipo tsiku lina ndinaona magazi m'makhololo. Mlamu wanga anandikweza panjinga mpaka kuchipatala cha pa boma.

Tinakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anandipatsa kabotolo kolavuliramo, ndipo mawa lake anati ndi TB. Ndinagonekedwa milungu iwiri chifukwa chofooka. Potuluka namwino anati, "Mayi, mankhwalawa ndi a miyezi isanu ndi umodzi. Pezani munthu woti azikuonani mukumeza m'mawa uliwonse, n'kuchonga pakhadi. Mukadukiza, matenda amabwerera olusa."

Sindinade nkhawa. Ndine wamasiye, inde, koma ndinali wapampando wa amayi kutchalitchi kwathu. Amayiwo anabweradi Lachinayi, atavala zoyera mbee, n'kuima patali ngati pakhonde panga pali njuchi. Anapemphera atagwira mipango pamphuno. Nditatchula za khadi, wina anati ali ndi khanda, wina anati miyendo, wina anati nkhaniyo akaipempherera kaye. Mpaka lero akuipemphererabe.

Amene anabwera kudzandithandiza ndi a Nangozo, ophika kachasu kutsidya kwa dambo. Amenewa tinawadula mumpingo, ndipo woyamba kukweza dzanja tsikulo ndinali ine. Sindinawaitane. Anangomva ndikutsokomola akudutsa.

"Khadilo lili kuti?" anatero. "Malemu bambo akwathu anasiya mankhwala mwezi wachitatu, ati achira. Ine sindinkadziwa, ndinawaika m'manda. Inuyo simundipusitsa."

M'mawa uliwonse, asanasonkhe moto pambiya zawo, ankafika ndi phala, n'kundiyang'ana ndikumeza. Mwezi wachitatu mphamvu zitabwerera, mapiritsi ananditopetsa, ndipo ndinayesa kubisa awiri m'tsaya. Anati, "Yasamulani!" Ndinameza mwamanyazi, ine amene ndinkaphunzitsa anzanga kuti munthu wosapemphera alibe chifundo. Mayiwo sadziwa vesi ngakhale limodzi. Chifundo chawo anachiphunzira pamphasa ya wodwala. Ife a yunifolomu tinangophunzira nyimbo zake, ndipo zimandinyansa ndikakumbukira mmene ndinkaziimbira mokweza.

Pano ndinachira. Makhololo anayezedwanso, alibe kanthu, ndipo ndayambanso kulima. Inu mukatsokomola milungu iwiri, musanamizire fumbi ngati ine. Pitani kuchipatala msanga, ndipo mankhwala mumalize.

Amayi a kutchalitchi aja akufuna kuti Lamulungu likubwerali ndikachitire umboni kuti mapemphero awo ndi amene anandidzutsa. Ndavomera. Ndikanyamula khadi lija, ndikaliyendetse benchi ndi benchi, aliyense akaloze pomwe anachonga.