Tsiku Lomwe Tinasamutsa Njira ya Kuphiri

Ndikukumbukira chaka chomwe miyala ya m'phiri la Chiradzulu inayamba kumera mivi yachikasu. Ndinali sitandade 5, ndipo woyamba kuiona ndinali ine. Ndinkakapereka madzi kwa Bambo kumunda, ndiye pamwala waukulu womwe tinkapumirapo ndinapeza muvi wojambula ndi penti, ukuloza kumtunda. Pentiyo anali asanaumitse, ankanunkha ngati kalasi yatsopano. Nditayenda pang'ono ndinapeza wina, kenako wina, mpaka wina pakamwala ka pangodya penipeni pa munda wathu. Ndinathamanga kukauza Bambo.

Munda umenewo muumvetse kaye. Unali pamalo otsetsereka, m'mphepete mwa nkhalango ya boma. Bambo anauswa okha atangokwatira Amayi n'kubwera kwathu monga mkamwini. Anazula miyala ndi manja, n'kuisanja m'mizere kuti dothi lisamathawe ndi mvula. Munkatuluka chimanga, nandolo, mbatata, ndi nthochi zapakasupe zomwe fungo lake ndimalimvabe. Tinkadya munda umenewo, tinkavala munda umenewo.

Bambo anaima nthawi yaitali pamuviwo. Anaukhudza ndi chala, ananunkhiza, n'kupukutira paudzu. Agogo awo anachoka ku Mozambique n'kudzagwa m'thangata la m'minda ya azungu cha ku Magomero, ndiye m'banja mwawo munatsala chiphunzitso chimodzi: munthu akayamba kulemba pamwala, malo apita. Tsiku limenelo sanalimenso.

Kumjigo nkhani inali itatentha kale. Ena anali ataona mzimayi wachizungu wonyamula mapu ndi bambo wachikuda wonyamula chitini, akukwera m'mawa. Uyu akuti akufuna miyala yamtengo wapatali, uyo akuti ndi anamapopa akuika zizindikiro. Koma atsibweni, mchimwene wa Amayi, anali ndi yankho lawo. Anabwera masana, anakhala pakhonde, n'kumalankhula motsitsa ngati alendowo ali kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, amenewo ndi malire. A zankhalango akutsitsa malire, munda wanu uli m'kati. Chakudza sichiimba ng'oma, mukagona mudzuka mulibe munda."

Bambo ankawamvera kwambiri atsibweni. Ndipo kunena zoona, tikanaganiza chiyani? Munthu wamutu wabwino angakwere phiri osafuna nkhuni, bowa kapena mankhwala? Ife phiri tinkakwera chifukwa cha njala, osati chifukwa cha kukhuta.

Lamulungu lotsatira Bambo anajomba kutchalitchi, chinthu chomwe ngakhale malungo ankalephera kuwachititsa. Anauza Amayi kuti msana wavuta, ndipo ine nditsale ndiziwayang'anira. Belu litangosiya kulira, msana unachira. Tinakwera awiriwiri, nyimbo za kwaya zikumveka kumbuyo kwathu. Mivi ya pamiyala ikuluikulu tinkaikwecha ndi mchenga ndi kamwala mpaka zala kusupuka. Miyala ing'onoing'ono ndinkasenza ine pankhata, umodziumodzi, kuwolotsa kachigwa, n'kukaiyala tsidya lina komwe kunalibe munda wa munthu. Nzeru yoti mivi iziloza kumtunda monga kale inali yanga, ndipo ndinanyadira kwabasi. Kutsidyako sikunkafika munthu chifukwa kunali chitedze chokhachokha. Bambo anangoti boma likafuna malo litenge amenewo.

Sabata yonse tinakhala tcheru. Njinga yakabaza ikaima pamsewu, Bambo ankasuzumira. Munthu wa nsapato zoyera akadutsa, ankanditumiza kuti ndikaone walowera kuti. Ine kusukulu sindinkamva kanthu, ndinkangoona apolisi a ku Boma akubwera kudzanditenga ndi nkhata yanga yomwe.

Loweruka tikuthyola nandolo, tinamva kukuwa kutsidya. Posakhalitsa anatulukira anthu asanu, zikwama kumsana, akudzikanda ngati agwidwa ndi mizimu. Chinali chilimwe, chitedze chitauma, kamphepo kakungochiwaza. Mzimayi wachizungu uja anali atafiira ngati phwetekere. Bambo wa chitini uja, lero opanda chitini, ankadzikhula msana pamtengo wa mango ngati mbuzi. Ndinkafuna kuseka, koma ndinkaopa. Bambo anaima pakati pa munda, khasu m'manja.

Amayi, omwe sankadziwa kanthu, ndi amene anathamanga. Anatapa phulusa pomwe tinawotchera mbatata, n'kuwaonetsa alendowo kuti azidzipaka osakanda. Kuyabwa kutachepa, bambo uja anapereka moni mwaulemu m'Chinyanja chathu chomwe. Anati iwo ndi a kagulu koyenda m'mapiri ka ku Blantyre, ndipo miviyo anaika kuti anzawo asamasochere.

"Ndiye mumapita kuti?" anafunsa Bambo.

"Pamwamba, bambo."

"Kukatani?"

"Kukaona basi."

"Kukaona chiyani?"

"Kunsi kuno. Kumaoneka bwino kwambiri."

"Kunsi kuno si kumene mwachokera?"

Alendo anaseka, Bambo sanaseke. Kenako bambo uja anadandaula kuti pali wina wasuntha miyala. Maso ake anatera pankhata yanga yomwe inali pamzere, itadetsedwa ndi chikasu mbali imodzi. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana nyerere.  Anangopempha kuti ndiwalozere njira yeniyeni, ndipo ndinawalozera.

Atapita, Bambo anati bodza la alendowo ndi lokonza bwino. Chaka chinatha, china chinatha, a zankhalango osabwera. Oyenda m'phiri ankadutsa mwa apo ndi apo, kupereka moni, nthawi zina kugula nthochi. Bambo ankawagulitsa, koma ankawaperekeza ndi maso mpaka abisike.

Ndili folomu 1, Amayi anamwalira. Patapita miyezi ingapo abale anasonkhana pakhonde lomwe lija, ndipo atsibweni analankhula motsitsa ngati kale. Anathokoza Bambo kuti anasunga bwino mlongo wawo, ntchito agwira, tsopano akuwasudzula kuti akapume kwawo. Mundawo anati andisungira ine mpaka nditakula. Bambo anavomera ndi mutu, poti mkamwini sakangana ndi eni mudzi. Ananyamula khasu, wailesi ndi kachikwama, n'kubwerera kwawo cha ku Mbombwe. Ndinalira tsiku limenelo kuposa pamaliro. Ndisanalembe mayeso a folomu 4, atsibweni anali atagulitsa mundawo kwa munthu wina. Panalibe penti, panalibe mapu.

Masiku ano zinthu zinatembenuka. Ndimagwira ntchito ku Limbe, ndipo adokotala atandiopseza za kuthamanga kwa magazi, ndinalowa kagulu ka azimayi oyenda m'mapiri. Inde ine, nsapato zoyera, botolo la madzi m'manja! Njira tikuiona pafoni, mivi sitikuifunanso. Mitengo yambiri inatha, ndipo kasupe uja amauma chilimwe chisanafike pakati. Bambo ndinawauza za kagulu kathu asanamwalire. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati kunsi kumaonekadi bwino. Ndinati eya. Anati chabwino, koma sanakhulupirire.

Mwezi wathawu tinakwera Chiradzulu. Ndinatsalira m'mbuyo n'kuima pangodya paja. Mizere ya miyala ya Bambo ikadalipo, ikugwirabe dothi la munthu wina. Ndinawerama kuti ndiikhudze. Nditadzuka ndinaona kamtsikana kataima pakati pa nandolo, kakundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Mukufuna chiyani m'munda mwathu?"

"Ndikungoona, mwanangu."

 Kanathamanga kukaitana bambo ake.