ANaphiri kuseri kwa nyumba

Dzulo mdzukulu wanga anandionetsa filimu ya mayi wokalamba wothamanga mpikisano, ine n'kukumbukira aNaphiri, mnzawo wa amayi ku Domwe. Pa utsikana wawo palibe ankawapeza pa liwiro, koma ine ndinawadziwa akutsimphina, tsaya lili ndi chipsera cha moto. Amayi atadwala, ndi iwowo anawabereka mpaka kumsewu.

Pa ukwati wa achemwali anga, amayi anawauza kuti, "Anzanga, khalani kuseriku muzisenda kachewere."

Ndinawapeza okhaokha, manja ali m'madzi ozizira, atavala medalya yawo yakale, mphoto ya mpikisano wothamanga.

"Simukavina?" ndinafunsa.

"Kuno kukukoma, mwanawe."

Ndinakhulupirira, n'kuthamangira kokajambulitsa. Lero ndikudziwa kuti amayi sanafune nkhope imeneyo pa foto.