Ndinalowetsa khanda ku kanema ndi khadi la chipani

Pamsika wa Ligowe panalibe munthu wondiposa ine pakamwa. Ndinkagulitsa manachesi, ndipo ogula a ku Blantyre obwera ndi malole akandiona ankayamba adzikanda m'mutu asanafunse mtengo. Kwa ine munthu akati "ayi" ndiye kuti wangotchula mtengo woyamba, wotsiriza ukubwera. Ndinkanenerera chilichonse: mchere, malo m'basi, ngakhale tsiku lolima kwa apongozi. Inu owerenga, pakamwa pomwepa ndi pamene ndinaphera diso la mwana wanga, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kudzitchaya mbama.

Zinachitika zaka za chipani chimodzi, anthu othawa nkhondo atadzaza ku Luwani. Bambo wina, a Kamwendo, anabwera ndi vidiyo ndi jenereta n'kuchita lendi chisitolo chakale pamsika. Anatseka mawindo ndi masaka, anaika mabenchi, n'kuyamba kuonetsa kanema Loweruka lililonse masana. Ambirife kanema amene tinkamudziwa anali wa galimoto ya boma uja wophunzitsa kuthira feteleza. Wa a Kamwendoyu ndiye anali wa anthu omenyana ndi mapazi, kuuluka mpaka padenga. Anzanga a pamsika anayamba kupita ndi akazi awo atatchena, ndipo Lolemba ankandifunsa ngati kwathu kulibe chitenje chotulukira nacho. Zinandiwawa. Ndinalumbira kuti Loweruka lotsatira andiona pabenchi yakutsogolo ndi mkazi wanga.

Vuto linali Falesi, mwana wathu woyamba, wa miyezi isanu ndi iwiri. Ankayamwa, wosatheka kumusiyira munthu, komanso apongozi anali kumaliro ku Magaleta. Mwezi womwewo kusikelo namwino anali atachenjeza amayi kuti chikuku chabuka, ndipo mwana wosakwana miyezi isanu ndi inayi, amene sanabayidwe katemera, asamulowetse pachigulu. Anati ngakhale kutchalitchi, mayi azikhala naye panja pamtengo.

Amake Falesi anandifotokozera zonsezi bwinobwino. Ine m'malo momva ndinayamba ntchito yanga. Iwo anati mwana ayambe wakwana chaka. Ndinati chaka n'chambiri. Anatsika, anati chabwino, abayitse kaye katemera. Ndinati kuchoka pa seveni kufika pa naini ndi pafupi ngati pano ndi pachitsime, komanso taonani mwanayu kunenepa, mano awiri, akukhala yekha.

"Abambo ake Falesi," anatero, "mwanayu si dengu la manachesi."

Ndinaseka, kenaka ndinaponya mawu amene ndinkadziwa kuti abaya. Ndinati basi khalani, ndipita ndekha, koma musadzadandaule mukadzamva kuti pabenchi ndinakhala ndi ndani. Loweruka anasamba, anavala chitenje chatsopano, n'kubereka mwana. Ine njira yonse ndinkaimba mluzu.

Pakhomo la chisitolo chija tinapeza a Kamwendo eni ake. Atangoona kamutu kali kumsana anatambasula mkono.

"Achimwene, ana akumsana ayi. M'katimu mukutentha, muli utsi, anthu akutsokomola. Mayiwa abwerere."

Ndinayamba ndi nthabwala. Anakana. Ndinati mwanayu salira, anatengera agogo ake. Anakana. Ndinati ndimulipirira ngati munthu wamkulu. Anati nkhani si imeneyo, iwonso ali ndi ana. Anthu pamzere anayamba kuseka, wina n'kukuwa kuti lero wamanachesi wapeza mnzake. Amake Falesi anandikoka malaya kuti tizipita, ndipo pankhope pawo ndinaona kuti mtima wawo wakhala pansi. Mlendo uja anali atawapulumutsa kwa mwamuna wawo.

Koma ine kubwerera anthu akuona? Ndinapisa m'thumba. Amene munaliko masiku amenewo mukudziwa kuti pamsika sunkalowa wopanda khadi la chipani, ndipo nthawi zina anyamata a makhadi ankakugulitsa ndi la mwana wakumsana lomwe. Sabata yapitayo anali atandigulitsa la Falesi, ine n'kutukwana chamumtima mpaka kunyumba. Tsikuli ndinalitulutsa, ndinalikweza m'mwamba, n'kukweza ndi mawu omwe.

"Mwanayu ali ndi khadi ili! Achipani anaona kuti wakula. Inu a Kamwendo mukuti chiyani? Mukuti khadili ndi lochepa, silingalowe m'chisitolo chanu?"

Kuseka konse kuja kunatha. Aliyense ankadziwa kuti munthu akangomveka kuti wanyoza khadi, sagona kwake. A Kamwendo anayang'ana uku ndi uku, thukuta lili kamukamu. Anachoka pakhomo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Lowani, bwana. Koma Mulungu waona kuti ndinakana."

Taganizani, inu owerenga. Munthu woti si m'bale wanga ankateteza mwana wanga, ine n'kumuopseza ndi chinthu choti chikanam'tayitsa ana ake. Ndipo ndinalowa ndikuyenda modzikweza ngati ndagula lole.

M'katimo munali ngati mu uvuni. Anthu anali atapanikizana mpaka m'makoma, fungo la thukuta ndi la petulo, phokoso logonthetsa m'khutu. Kumbuyo kwathu kunali bambo atanyamula kamtsikana ka zaka ngati zisanu, maso ali psuu, mamina ali chuu, kakutsokomolera pakhosi pa amake Falesi. Ndinakaona. Sindinganame kuti sindinakaone. Falesi analira mpaka mawu kusasa, anthu n'kumakuwa kuti tulutsani mwanayo. Amake atafuna kuimirira ndinawagwira dzanja n'kuwakhazika pansi. Ndinati sitinalowe movutikira chonchija kuti titulukire pakati.

Patatha sabata ndi masiku angapo Falesi anatentha thupi. Kenaka chifuwa, kenaka maso kufiira. Amake anati tipite kuchipatala. Apa ndi pamene ndinachita choipa choposa choyamba chija. Kwathu akuluakulu ankati mwana wa chikuku asabayidwe jekeseni zidzolo zisanatuluke, amafa. Ine ndinkaseka zimenezi pamsika, n'kumati ndi za anthu osayenda. Koma tsikuli ndinazigwiritsa ndi manja awiri. Chimene ndinkaopa si jekeseni ayi. Ndinkaopa namwino uja kundifunsa pamaso pa amayi onse kuti mwanayu mwayenda naye kuti. Ndinati tidikire mawa. Mawa litafika ndinati taonani zidzolo zayamba, tidikire mkuja.

Tsiku lachinayi maso a mwana anamatirira ndi mafinya, osatsekuka. Amake sanandifunsenso. Anabereka mwana m'mawa n'kuuyamba ulendo, ine ndikutsatira pambuyo ngati galu woba mazira. Namwino anapukuta maso aja, anatsekula chikope, anayang'ana nthawi yaitali. Atafunsa kumene mwana anapita, amake anangonditembenukira. Ndinayamba kufotokoza kuti mwina anachitenga kuchitsime kapena kuchigayo.

"Bambo," anandidula, "pano si pamsika. Diso ili mwalichedwetsa."

Anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Mwanza, kumene tinakhala sabata ziwiri. Moyo wa mwana anaupulumutsa, diso lakumanja nalonso. Lakumanzere linachita ng'ala, loyera mbuu, ndipo silinaonenso. Ndinachonderera adokotala, ndinalonjeza mbuzi, ndinalonjeza manachesi a chaka chonse. Anandiuza kuti palibenso chimene angachite.

Titabwerako amake Falesi anatha miyezi akungondiuza kuti madzi ali kubafa, chakudya chili patebulo, basi. A Kamwendo anabwera kudzationa atanyamula paketi ya shuga, osatchula ngakhale liwu limodzi la tsiku lija. Zimenezo ndiye zinandipsetsa mtima kwambiri. Akanandilalatira ndikanapeza poyankhira.

Ndiye inu abambo anzanga, makamaka inu ochenjera pakamwa ngati ine, tamverani. Khanda silionera kanema. Amene amafuna kuonera ndi kuonedwa ndi inuyo, mwana mumangomutenga ngati chiphaso. Achipatala akanena kuti miyezi yakuti, imeneyo si mtengo woyamba. Mayi wa mwana akakana, musamufunire mawu omugwetsera, ndi iye amagona naye akamatentha thupi. Munthu wolondera pakhomo akakubwezani chifukwa cha mwana wanu, muthokozeni ndipo mubwerere, anzanu aseke mpaka atope. Ndipo mukalakwa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, namwino akukalipireni. Manyazi anga a masiku anayi aja mwana wanga akuyenda nawo pankhope.

Falesi tsopano ali Sitandade 3. M'kalasi amakhala kutsogolo, mutu atapendeketsa kuti aone pabolodi. Mwezi watha anabwera akulira chifukwa anzake amupatsa dzina, ndipo anandifunsa chimene chinachitika ndi diso lake. Amake anali pomwepo akupeta mpunga, ndipo anasiya kupeta. Kwa nthawi yoyamba sindinachotsere kapena kuwonjezera. Ndinamuuza zonse, za khadi zomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa:

"Ndiye kanemayo anatha bwanji, ababa?"

Sindikudziwa. Nthawi yonse ija maso anga anali kukhomo, kufuna kuti a Kamwendo andione nditakhala pabenchi yakutsogolo.

Anthu onse amene anali pamzere tsiku lija angachitire umboni kuti a Kamwendo anagonja, ine ndinalowa. Nanga inu owerenga, pakhomo paja anawina ndani?