Njuzi ya m'dambo la Lifidzi

Lero pochokera ku Misa, ndekha monga ndimayendera chimwalirire mayi a kunyumba, ndamva fungo la lupsa. Madambo athu ndi minda ya kachewere tsopano, njuzi, amphaka am'tchire amawangamawanga aja, zinatha, koma fungolo silinasinthe.

Ndili mwana, amalume ankafuna chikopa cha njuzi choti akavale povina gule wa ngoma. Tinatentha udzu m'dambo, ine nditagwira galu. Mu utsimo munatuluka njuzi, kamwana kali kukamwa, ubweya utawauka. Amalume anakweza chibonga.

"Amalume, imenyeni, ithawa!" ndinakuwa.

Mkono wawo unatsika pang'onopang'ono. "Iwe, gwiritsa galuyo. Yoyamwitsa sitipha. Ndikavinira cha mbuzi, andiseke."

Galu ankandikoka, phulusa likundiwotcha kumapazi, ndipo njuziyo inawoloka mtsinje osagwetsa mwana wake.